Kodi Wosadya Nyama Akamwa Mkaka Waphwanya Lamulo Lake?

Mlendo wakhala kale pampando, ndipo musanayambe n'komwe kuphika ananeneratu kuti iye sadya nyama. Mwathira tiyi m'kapu, mwanyamula mkaka, kenako dzanja langoima m'malere. Mkakawu wachokera ku ng'ombe, ndipo ng'ombe ndi nyama. Muthire kapena ayi? Ambirife timachita manyazi kufunsa, timangoika mkakawo patebulo n'kumaonera m'mbali kuti mlendoyo atani nawo. Chodabwitsa n'chakuti alendo awiri, onse osadya nyama, akhoza kuchita zosiyana. Wina athira mpaka tiyi kuyera mbee. Wina aukankhira kutali ngati mwamupatsa msuzi wa mafupa.

Chisokonezo china chili m'chilankhulo chathu momwemu. Mawu akuti nyama timawagwiritsa ntchito pawiri: choyenda ndi miyendo inayi ndi nyama, cha m'mbale ndi nyamanso. Munthu akati "sindidya nyama", sitidziwa ngati akukana mnofu wokha kapena chilichonse chotuluka m'thupi la chiweto. Pa Chingerezi analekanitsa ndi mayina awiri, vegetarian ndi vegan, ndipo chimene chinagawanitsa mayinawo kwenikweni ndi mkaka womwewu.

Tikatsata dzina lokha, nkhaniyi siivuta: vegetarian amaloledwa kumwa mkaka. Bungwe lakale kwambiri la anthu osadya nyama, Vegetarian Society, linakhazikitsidwa mu 1847 ku Ramsgate, m'dziko la England, ndipo malire ake anawaika pa kupha. Wa gulu limeneli sadya mnofu wa chiweto, mbalame, nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi, sadyanso china chilichonse chimene sichingapezeke popanda kupha nyama. Mkaka, mazira ndi uchi zinatsala mkati mwa mpanda, poti ng'ombe yokamidwa lero imadzukanso mawa. Pofuna kusiyanitsa kuti ndani amadya chiyani, anthu anayamba kuphatikiza timawu ta Chilatini kutsogolo kwa dzinali. Lacto-vegetarian amamwa mkaka koma sadya mazira, ovo-vegetarian amadya mazira koma samwa mkaka, ndipo lacto-ovo-vegetarian amalandira zonse ziwiri. Ku Ulaya ndi ku America ambiri odzitcha vegetarian ali m'gulu lachitatuli, monganso ambiri osadya nyama a mpingo wa Seventh-day Adventist.

Komatu m'bungwe lomwelo munali anthu amene mtima sunkawakhala m'malo. Mu 1944 ena mwa iwo anapempha kuti magazini ya bungweli izikhala ndi kachigawo ka anthu osadya nyama omwe samwanso mkaka. Akuluakulu anakana. Mmodzi wa opemphawo, Donald Watson, mphunzitsi wa ukalipentala yemwe ankakhala ku Leicester, anagwirizana ndi anzake ochepa n'kuyambitsa Vegan Society mu November chaka chomwecho. Dzinalo analipanga podula mawu akuti vegetarian, kutenga zilembo zitatu zoyambirira ndi ziwiri zomalizira. Mfundo yawo inali yakuti womwa mkaka sanachoke kophera ng'ombe, wangofulatira kuti asaone. Maganizo otere sanayambe ndi iwo. Zaka pafupifupi 900 m'mbuyo mwake, mlakatuli wosaona wa ku Syria, al-Ma'arri, amene anamwalira mu 1057, ankakana nyama, mazira, uchi ndi mkaka, ponena kuti mkaka ndi wa ana a nyamayo, si wa munthu.

Ndiye dzina limangokuuzani kuti munthuyo ali m'gulu liti. Ngati mkaka ukugwirizana ndi kadyedwe kake, zimenezo zimatengera chimene chinamusiyitsa nyama. Wosiya chifukwa cha chipembedzo, wosiya chifukwa chomvera chisoni ziweto, wosiya chifukwa cha thanzi ndi wosiya chifukwa chodera nkhawa chilengedwe amakhala patebulo limodzi, koma kapu ya mkaka yomweyo imawafunsa mafunso osiyana.

Palibe dziko lokhala ndi anthu ambiri osadya nyama kuposa India, ndipo palibenso dziko lokama mkaka wochuluka kuposa India yemweyo: matani opitirira 200 miliyoni pachaka, pafupifupi lita imodzi pa malita anayi alionse okamidwa padziko lonse. Kumeneko ambiri akhoza kulidabwa funso lathuli. Kwa Ahindu ambiri mkaka ndi chakudya choyera koposa, mphatso ya ng'ombe imene amailemekeza ngati mayi, ndipo mafuta ake oyengedwa otchedwa ghee amawagwiritsa ntchito ngakhale popembedza. Lamulo la dzikolo limafuna kuti chakudya cha m'paketi chikhale ndi chizindikiro: kadontho kobiriwira m'kabokosi ngati mulibe nyama, chizindikiro chofiirira ngati ilimo. Mkaka umalandira kobiriwira. Dzira limalandira chofiirira, pamodzi ndi nkhuku ndi nsomba. Ngakhale Ajaini, a chipembedzo china cha ku India, amene amasamala moyo mpaka kukana uchi ndi zomera zokumba pansi monga anyezi poopa kupha tizilombo ta m'dothi, mwamwambo wawo amamwa mkaka, ngakhale masiku ano ena mwa iwo ayamba kuusiya. Pomwe Akhristu a Orthodox ku Ethiopia, pa masiku osala, amasiya nyama, mazira ndi mkaka zonse pamodzi. Wotsata chipembedzo yankho amalipeza kwawo, ndipo si limodzi kwa onse.

Munthu amene nkhaniyi inamusautsa poyera ndi Mohandas Gandhi. Anabadwira m'banja losadya nyama, ndipo ali pasukulu ku London analowa gulu la osadya nyama la mumzindawo. Mu 1912, ali ku South Africa, anasiya mkaka. Anali atawerenga za nkhanza zimene okama ena a ku Calcutta ankachitira ng'ombe ndi njati zoweta, kuziuzira mpweya kumalo oberekera kuti zitulutse mkaka mpaka dontho lomaliza. Patapita zaka 6, mu 1918, anadwala kamwazi mpaka kukhala kayakaya. Dokotala anamuuza kuti popanda mkaka thupi lake silibwereramo. Iye anakana, nafotokoza kuti analumbira kusamwanso mkaka. Mkazi wake Kasturba, ali chiimire pafupi ndi bedi kumvetsera, anamukumbutsa kuti polumbira ankaganiza za ng'ombe ndi njati, mbuzi sanaitchule. Gandhi anamwa mkaka wa mbuzi, anachira, ndipo anapitiriza kuumwa moyo wake wonse. Koma sananamizire kuti wapambana. Iye mwini analemba kuti anasunga mawu a lumbirolo koma cholinga chake anachiphwanya, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima. Ine nkhani imeneyi ndimaikhulupirira kuposa mikangano yonse ya pa intaneti, chifukwa mwini wake sanabise mbali iliyonse: chikumbumtima chinkakana, thupi linkafuna.

Kuti timvetse chimene chinkawasowetsa mtendere anthu ngati Watson, tiyenera kulowa m'khola. Ng'ombe sikhala ndi mkaka chifukwa chongokhala ng'ombe, imakhala nawo chifukwa yaswa. Zimamveka zodziwikiratu, koma alipo anthu ophunzira bwino, okulira kutali ndi ziweto, amene amaganiza kuti ng'ombe ya mkaka ili ngati mpopi wongotsegula. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi pafupifupi 9. Pa mafamu akuluakulu imaswa koyamba ili ndi zaka ziwiri, imakamidwa miyezi pafupifupi 10, imapumitsidwa miyezi iwiri, n'kuswanso. Kuti zimenezi zitheke chaka ndi chaka, amaitengetsa bere lina patangotha miyezi iwiri kapena itatu chiswereni, kawirikawiri pochita kuiika umuna wa nkhunzi ndi chipangizo. Choncho miyezi yambiri imene ikukamidwa imakhalanso ili ndi bere.

Nanga mwana uja? Amamwa mkaka woyamba wachikasu umene umamuteteza ku matenda, kenako pakangopita maola kapena masiku ochepa amamuchotsa kwa make n'kumuika m'kakhola kake, kumene amamwera m'chidebe kapena m'botolo, nthawi zambiri mkaka wa ufa. Alimi ali ndi zifukwa zawo. Amati akupewa matenda, amati akufuna kudziwa kuchuluka kwa mkaka umene mwana wamwa, amatinso kulekanitsa msanga kumachepetsa kulira kusiyana ndi kudikira mpaka awiriwo atazolowerana. Zifukwazo si zabodza. Koma chachikulu aliyense amachidziwa: mkakawo ndi wogulitsa.

Walira mvula walira matope. Wofuna mkaka chaka chilichonse wafunanso mwana wa ng'ombe chaka chilichonse, ndipo mwachibadwa theka la anawo ndi aamuna, amene sadzakamidwa. Ena amaleredwa kuti adzakhale nyama, ena amaphedwa akadali aang'ono kuti papezeke nyama yofewa yotchedwa veal, ena amaphedwa atangobadwa chifukwa kuwalera n'kodula kuposa mtengo umene angadzagulidwe. Ku New Zealand kokha, ana a ng'ombe pafupifupi 2 miliyoni amapita kophera chaka chilichonse ali ndi masiku ochepa chabe. Masiku ano ilipo njira yosankha umuna kuti ana ambiri abadwe aakazi, koma mlimi safuna aakazi opitirira amene angalowe m'malo mwa ng'ombe zokalamba, ndiye zotsalazo amazikweretsa nkhunzi za mtundu wowetera nyama kuti ana ake adzagulitsike bwino kwa opha. Mayi nayenso mapeto ake ndi omwewo. Ng'ombe ikhoza kukhala zaka 20, koma ya pafamu ya mkaka, mkaka ukayamba kuchepa, ikalephera kutenga bere, mawere akamatupa pafupipafupi kapena miyendo ikayamba kuvuta, imagulitsidwa, kawirikawiri ili ndi zaka 5 kapena 6. Si zodabwitsa kuti thupi limatha msanga: ng'ombe za mtundu wa Holstein ku America zimatulutsa malita opitirira 10,000 pachaka iliyonse. Ku Britain pafupifupi theka la nyama ya ng'ombe imachokera ku ng'ombe za mkaka ndi ana ake.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za mafamu akuluakulu, mlimi wa ng'ombe ziwiri amagawana mkaka ndi mwana wa ng'ombeyo. Zoona, ndipo moyo wa ng'ombe yotero ndi wosiyana kwambiri. Koma masamu a ana aamuna sasintha. Ngakhale ku India, kumene zigawo zambiri zimaletsa kupha ng'ombe, vutoli silinathe, linangosamukira pamsewu. Kalembera wa ziweto wa mu 2019 anapeza ng'ombe zopanda mwini pafupifupi 5 miliyoni zikungoyendayenda, zambiri mwa izo zotayidwa chifukwa zinasiya kukamidwa kapena ndi zazimuna. Njati zoweta, zimene zimapereka gawo lalikulu la mkaka wa dzikolo, malamulo ambiriwo saziteteza, ndipo n'chifukwa chake India ali m'gulu la mayiko otumiza kunja nyama yambiri ya mtundu wa ng'ombe.

Mkaka wopanda kupha ulipo. Ku England kuli Ahimsa Dairy Foundation, kulinso famu ya a chipembedzo cha Hare Krishna ku Bhaktivedanta Manor pafupi ndi Watford. Kumeneko mwana amayamwa kwa make, ng'ombe zazimuna zimagwira ntchito kapena zimangosungidwa, zokalamba zimafa imfa yachibadwa, ndipo ng'ombe imakamidwa nthawi yaitali isanatengenso bere kuti khola lisasefukire. Mkaka wake umadula kangapo kuposa wa m'sitolo, chifukwa womwa akulipiriranso msipu wa ng'ombe zonse zosakamidwa. Mafamu otere ndi owerengeka, ndipo kuchepa kwawoko kukusonyeza kuti mkaka wotchipa umatchipa chifukwa cha mpeni.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndinene mosapsatira: wosiya nyama chifukwa chokana kupha, akamamwa mkaka wa m'sitolo, sanafike kumene mfundo yake ikuloza. Sindikuti ndi wachinyengo. Tikawerenga miyoyo, ng'ombe imodzi imatulutsa malita masauzande makumi angapo pa moyo wake, moti munthu mmodzi akhoza kumwa zaka zambirimbiri asanamalize mkaka wa ng'ombe imodzi, pamene wodya nkhuku amamaliza moyo umodzi pa milungu yochepa chabe. Ngakhale mazira amatha miyoyo yambiri kuposa mkaka, poti anapiye aamuna a nkhuku zoikira amaphedwa tsiku lomwe aswedwa, mchitidwe umene Germany inauletsa kuyambira mu 2022. Wosiya nyama n'kusunga mkaka wachepetsadi imfa, ndipo kwambiri. Chimene sanganene n'chakuti m'kapu yake mulibe magazi ngakhale pang'ono.

Thupi lili ndi mbali yakenso, ndipo pano mkaka umaoneka bwenzi. Kapu imodzi ya mamililita 250 imakhala ndi magalamu pafupifupi 8 a mapuloteni, mamiligalamu pafupifupi 300 a kashiamu, ndi pafupifupi theka la vitamini B12 amene munthu wamkulu amafuna patsiku. Mapuloteni munthu akhoza kuwapeza mosavuta mu nyemba, soya ndi mtedza. Wovuta ndi B12. Vitamini ameneyu sapangidwa ndi chomera chilichonse, ngakhalenso nyama sizimupanga. Amapangidwa ndi mabakiteriya. Ng'ombe ili nawo ambiri m'chifu chake choyamba, amene amapanga B12 kuchokera ku mchere wa cobalt wopezeka mu udzu, ndipo kuchokera m'menemo amalowa mu mnofu ndi mu mkaka. Wosiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka zonse watseka makomo onse achibadwa, ndipo ayenera kumwa mapiritsi kapena kudya zakudya zothiridwa vitaminiyu. Pamenepa palibe mkangano, a Vegan Society eni ake amalangiza zomwezo.

Choopsa cha B12 n'chakuti amabisa. Chiwindi chimasunga wokwanira zaka zingapo, ndiye munthu amasiya zonse, n'kumamva bwino chaka choyamba, chachiwiri, n'kumati za mapiritsi ndi nkhambakamwa. Kenako kumabwera kutopa, kuchepa magazi, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuiwalaiwala, ndipo mitsempha ikawonongeka kwa nthawi yaitali siichira yonse. Mwana woyamwa kwa mayi wopanda B12 wokwanira ndiye amavulala msanga, poti alibe nkhokwe yakeyake. Koma womwa mkaka asadzinamizenso. Kadontho ka mu tiyi sikakwanira, ndipo kuwiritsa mkaka nthawi yaitali kumawononga gawo la vitaminiyu. Ku India, pakati pa anthu omwa mkaka omwewo, kuchepa kwa B12 n'kofala.

Pa mafupa pali kafukufuku wodziwika wa EPIC-Oxford, amene wakhala akutsatira anthu masauzande ambiri ku Britain kuyambira m'ma 1990. Zotsatira za mu 2020, za anthu pafupifupi 55,000, zinasonyeza kuti ma vegan ankathyoka mafupa kwambiri ndi 43 peresenti poyerekeza ndi odya nyama, ndipo kuthyoka m'chiuno kunali kopitirira kawiri. Kwa ma vegetarian kuthyoka m'chiuno kunali kokwera ndi 25 peresenti. Mbali ina ya kusiyanaku inali chifukwa chakuti osadya nyama ambiri ndi ochepa thupi, mbali ina chifukwa cha kuchepa kwa kashiamu ndi mapuloteni. Zotsatira zakale za kafukufuku yemweyo, za mu 2007, zinapeza kuti ma vegan amene ankapeza mamiligalamu 525 kapena kuposerapo a kashiamu patsiku sankathyoka kuposa anzawo. Ndiye chofunika ndi kashiamu, ng'ombe ndi njira imodzi chabe yomupezera. Masamba amasiyana kwambiri pa nkhaniyi. Mu sipinachi kashiamu alimo wambiri koma ndi womangika, moti thupi limatengapo pafupifupi 5 peresenti yokha, pamene mu mkaka limatenga pafupifupi 30 peresenti, ndipo mu masamba a mtundu wa kabichi otchedwa "kale" pa Chingerezi limatenga kuposa pamenepo.

Chimene chimapezeka pang'ono kwambiri mu mkaka ndi ayironi, ndipo ayironi ndi amene wosiya nyama amayenera kumusamala. Kashiamu amatchinganso ayironi kulowa bwino m'thupi zikadyedwa nthawi imodzi. Munthu wochotsa nyama m'mbale n'kuikapo tchizi tsiku ndi tsiku wasinthanitsa chakudya cha ayironi ndi chakudya cha mafuta ndi mchere. Ngati anasiya nyama poteteza mtima wake, ndiye wangozungulira n'kubwerera pomwe anali.

Palinso anthu amene funso lonseli thupi lawo linawayankhira kale. Mu mkaka muli shuga wotchedwa lactose, ndipo kuti agayike pamafunika chogayira cha m'matumbo chotchedwa lactase. Khanda lililonse limakhala nacho, koma mwa anthu awiri pa atatu alionse padziko lapansi chimachepa akamakula. Amene amachisunga mpaka kukula ndi ambiri kumpoto kwa Ulaya ndi pakati pa mitundu yoweta ng'ombe monga Amasai ndi Afulani, umene ndi umboni wa zaka masauzande za kumwa mkaka. Kwa enawo, mkaka wambiri umabweretsa kufufuma, mpweya ndi kutsegula m'mimba. Ambiri mwa iwo kapu imodzi amaipirira, makamaka akamwera pa chakudya, ndipo yogati ndi tchizi cholimba zimawavuta pang'ono chifukwa shuga uja amakhala atachepa. Izi n'zosiyana ndi thupi lodana ndi mapuloteni a mu mkaka, limene limatuluka zidzolo, kutupa kapena kubanika. Woteroyo sayenera kuyesa n'komwe.

Wosiya nyama chifukwa cha chilengedwe ndiye amene manambala amamukhumudwitsa kwambiri. Ng'ombe ndi nyama yobzikula, ndipo pogaya udzu imageya mpweya wa methane, umene umatenthetsa dziko kwambiri kuposa carbon dioxide. Ilibe kanthu kuti ndi ya mkaka kapena ya nyama, kugeya n'komweko. Kafukufuku wa Joseph Poore ndi Thomas Nemecek wa mu 2018, amene anasonkhanitsa zochokera ku mafamu masauzande ambiri m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe imatulutsa makilogalamu pafupifupi 3 a mpweya wotenthetsa dziko ndipo imafuna malita 628 a madzi, pamene lita ya chakumwa cha soya imatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi ndi kufuna malita 28. Tchizi ndiye chimanyanya. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tchizi cholimba pamafunika malita pafupifupi 10 a mkaka, n'chifukwa chake kilogalamu ya tchizi imawononga mpweya kuposa kawiri kilogalamu ya nyama ya nkhuku. Wosiya nkhuku n'kukonda tchizi poganiza kuti akupulumutsa dziko wabwerera m'mbuyo, ngakhale dzina lake la vegetarian lili bwinobwino.

Zakumwa zochokera ku zomera, zimene khoti la European Union linagamula mu 2017 kuti zisamagulitsidwe ndi dzina la mkaka, sizofanana zonse. Cha soya chili ndi mapuloteni oyandikira a mkaka wa ng'ombe. Cha mtedza wa almond chili ndi pafupifupi galamu imodzi pa kapu, ndipo cha mpunga sichifikanso pamenepo. Kashiamu, B12 ndi ayodini zimapezekamo pokhapokha ngati opanga anathiramo, ndipo chopanga nokha kunyumba sichikhala nazo. Kashiamu wothiridwayo amadikha pansi, ndiye wosakhutchumula paketi amamwa madzi oyera n'kutaya chimene anagulira. Zakumwa zimenezi si za makanda.

Chotsala ndi msampha umene umakola ngakhale amene anavomereza mkaka ndi mtima wonse. Mkaka ndi wololedwa kwa vegetarian, koma si zonse zopangidwa ndi mkaka. Kuti mkaka uundane n'kukhala tchizi, kuyambira kale amathiramo rennet, ndipo rennet yachikhalidwe imachokera m'chifu chachinayi cha mwana wa ng'ombe woyamwa. M'chifu chimenecho muli chymosin, amene ntchito yake ndi kuumitsa mkaka wa make kuti ugayike pang'onopang'ono. Chifucho sichichotsedwa mwana ali moyo. Choncho tchizi chopangidwa motere chimagwa pa lamulo lija la Vegetarian Society, ngakhale mulibe kachidutswa ka mnofu. Parmigiano Reggiano ya ku Italy, malinga ndi malamulo oteteza dzina lake, iyenera kupangidwa ndi rennet ya mwana wa ng'ombe, kotero Parmigiano Reggiano ya vegetarian kulibe. Malo odyera amene amalemba kuti mbale iyi ndi ya osadya nyama n'kuwazapo tchizi chimenechi pamwamba alakwitsa, ndipo zimachitika kawirikawiri.

Njira zina zilipo, zina zakale, zina zatsopano. Tchizi cha ku India chotchedwa paneer chimaumitsidwa ndi madzi a mandimu kapena viniga. Tchizi cha Serra da Estrela ku Portugal chimaumitsidwa ndi maluwa a chomera chaminga. Mu 1990 boma la America linavomereza chymosin wopangidwa ndi tizilombo tosinthidwa chibadwa m'mathanki, ndipo lero tchizi chochuluka cha ku America ndi ku Britain chimapangidwa ndi ameneyu. Pa lilime simungasiyanitse. Kuona maso a nkhono n'kudekha: muyenera kutembenuza paketi, kuyandikitsa kumaso, n'kuwerenga timalemba ting'onoting'ono tija. Pa yogati mukhoza kupeza gelatine, wochokera ku zikopa ndi mafupa a nkhumba kapena ng'ombe, amene amathiridwa kuti yogatiyo ilimbe. Pa yogati yofiira mukhoza kupeza carmine kapena nambala yakuti E120, utoto wochokera ku tizilombo touma tophwanyidwa. Ngakhale madzi otsala poumitsa tchizi, otchedwa whey, amaumitsidwa kukhala ufa n'kulowa m'mabisiketi ndi m'chokoleti, atanyamula mbiri ya rennet imene inawalekanitsa.

Ufa umenewu ndi umene unabutsa mpungwepungwe ku Britain mu May 2007. Kampani ya Mars inalengeza kuti chokoleti chake, kuphatikizapo Mars, Snickers ndi Maltesers, chayamba kupangidwa ndi whey wokhala ndi rennet ya mwana wa ng'ombe. Vegetarian Society inamemeza anthu, ndipo pa mlungu umodzi wokha anthu opitirira 6,000 anaimba foni kapena kulemba makalata odandaula, aphungu a nyumba ya malamulo 40 n'kusainanso chikalata. Kampaniyo inavomera kuti yalakwa n'kubwerera ku whey wakale. M'chokoleti chimenecho munali mkaka wa ng'ombe mkanganowo usanayambe, munali mkaka uli mkati, ndipo muli mkaka mpaka lero. Odandaula aja za mkakawo sanatchule, ankakana chifu cha mwana wa ng'ombe chokha.